Maere Andidanitsa ndi Amayi

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Beira. Kuno matupi ali bwino, koma ine manyazi andipha.

Mayunivesite a mu Africa akuyambitsa mpikisano wa mtsutso, ndipo ndikukonzekera. Mbali sumasankha wekha, amachita maere. Ine inandigwera yoti othawa nkhondo azibwezedwa pamalire. Ndiye ndinali kuseri kwa nyumba, kukuwa mfundo zanga, osadziwa kuti amayi akusenda chinangwa pafupi!

Anangoti, "Mwalankhula bwino, adotolo. Akanatibweza pamalire a Entre Lagos tikuthawa nkhondo, achemwali anu ali kumsana, bwenzi inu muli kuti?"

Sukulu yonseyi, ndinangolowa m'nyumba mozemba!

Chonde aimbireni foni, muwauze kuti si maganizo anga. Ine ndikangoyamba kulongosola, amandifunsa kuti, "Lero maere akugwetserani mbali iti?"

Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Jaime