Kaduwa ka Ulusi Wobiriwira

Lolemba, 14 Ogasiti

Mphepo ya mwezi uno, fumbi mpaka m'mano. Kitcheni pate yanga, phwando la azimayi ukwati usanachitike, ili pafupi koma madiresi a komiti sanadulidwe n'komwe. Anti Hilda akundiimbira ngati ndinawabera.

Lero ndanyamula zitenje zimene Hosea, msilikali amene akundikwatira, anabwera nazo kuchokera ku ntchito yosungitsa mtendere kunja, ndapita nazo kwa Ba Zenaba, mayi telala wa kuseri kwa msika kuno ku Chawama. Ndi Msilamu, anathawa nkhondo kalekale m'dziko lomwelo kumene Hosea anali. Ine ndi matama angawa ndimati asangalala kuona nsalu yakwawo.

Atambasula chimodzi, ayang'ana pakona, akhala pansi. Akuti ndibwere mawa. Sanandiyeze.

Lachiwiri, 15 Ogasiti

Ndabwerera kwa Ba Zenaba. Atseka chitseko, atulutsa m'sutikesi chitenje chofanana ndendende ndi zanga. Pakona pali kaduwa kosoka ndi ulusi wobiriwira. Ndayang'ana zanga, chilichonse chili nako. Ndinkayesa n'zakufakitale.

Akuti amene anasoka timaluwato ndi mng'ono wawo. Anagula nsaluzi chaka chatha kuti azimayi a pabanja avale pa ukwati wa mwana wake, chimodzi anatumiza kuno. Ukwati usanachitike, anyamata a zikwanje odzitcha Akhristu analowa m'dera lawo. Banja lonse linakwera lole ndi katundu kuthawira ku kampu ya asilikali osungitsa mtendere. Pageti asilikaliwo anawombera loleyo. Mng'ono wawo anafera pomwepo, pamodzi ndi mkwatibwi ndi ana.

"Sinikamba kuti ni bamuna banu," atero. "Koma mubafunse banavitenga kuti."

Pobwerera ndadutsa geti lathu osaliona.

Lachitatu, 16 Ogasiti

Sindinamufunse. Ndatsuka mbale zotsukatsuka kale.

Lachinayi, 17 Ogasiti

Hosea wabwera ndi Moven, mnzake wa kukampu amene adzakhale bestimani pa ukwati wathu. Ndayala dala chitenje chimodzi pathebulo. Ndati, "Ba Moven, imwe simunagulileko bakazi banu?" Iye waseka, ati, "Kugula?" Hosea wamuyang'ana, kuseka kwathera pomwepo. Moven sanamalize n'tiyi yemwe.

Moven atachoka ndamufunsa Hosea.

"Vinali chabe pansi, Mwiche. Lole inagwa, katundu mbwee. Aliyense anatola."

"Nanga bantu?"

Wayamba kulankhula akuyang'ana nsapato zake. Akuti iye sanawombere. Anaona azimayi akukupiza nsalu pamwamba pa lole, koma mkulu wawo analamula. Pambuyo pake onse anauzidwa kuti azinena kuti a m'lolemo ndiwo anayamba kuwombera. Ofufuza atabwera onse ananena zomwezo, iyenso. Dzina la amene anawombera wakana kunditchulira.

Ndikanavala nsalu imeneyi, ndikanavina nayo azimayi akululutira. Ndakwiya koopsa. Chondinyansa kwambiri n'chakuti ndikumukondabe.

Lachisanu, 18 Ogasiti

Ndinalakwitsa kuwauza Anti Hilda. Ati, "Va nkhondo ni va nkhondo. Gula vitenge vinangu ku Kamwala, ukwatiwe. Mwamuna wa nchito ya boma siutola pa msewu." Sakunama. Hosea akalankhula ntchito yatha, mwina khoti la asilikali. Ine ndibwerere ku tebulo langa la masamba pamsika, anzanga akundiseka.

Ndadutsira kwa Ba Zenaba. Magetsi kulibe, akupalasa makina osokera akale a mwendo. Ali ndi nambala ya ofufuza aja. Akuti achibale a anthu ophedwawo analankhula kale onse, chikusowa ndi munthu amene anali mkati mwa geti.

Ndamuuza Hosea pafoni kuti pa kitcheni pate sindigwada pamaso pa amayi ake nkhaniyi ili chikhalire. Wadula.

Lamulungu, 20 Ogasiti

Hosea kutchalitchi sanabwere. Foni yozima. Abusa apempherera asilikali athu, aliyense "ameni", ine pakamwa gwa. Mwina ndataya mwamuna chifukwa cha anthu amene sindinawaonepo. Mwina ndine wopusa. Ndasesa pabwalo, mphepo yabweza zinyalala, ndasesanso.

Lachiwiri, 22 Ogasiti

Hosea wabwera m'mawa, wosavala yunifomu, ndevu zosameta. Wapempha ayironi ya makala. Wasita zitenje zonse yekha, chimodzichimodzi, n'kuzipinda bwinobwino ngati zovala za pa perete ya asilikali. Wazinyamula, ine pambuyo, azimayi a pamsika akutiyang'ana.

Pakhomo la shopu wagwada. "Ba mayo, nabweza."

Ba Zenaba sanazigwire. Ati, "Vitenge vilibe pakamwa, mwana wanga."

Wakhala chogwada nthawi yaitali. Kenako wati, "Tumani foni kuli bofufuza."

Ndatuluka, ndili pabenchi panja, ndikulembera pabondo. Anti Hilda akuimba foni, ndikungoiyang'ana. Makina asiya kulira. Ba Zenaba aika foni yawo pamwamba pa nsalu zija, ndikumva mayi wina wayankha. Mawu a Hosea akumveka. Wayamba ndi dzina lake. Tsopano watchula limene anakana kunditchulira lija, la Moven.