Mphesa za asewere zisapse msanga

Amayi anga, kodi kumeneko mukukhalako bwanji? Ndine Esinati, mwana wanu wa masamu uja. Kuno ku Perth ndi Julaye, mvula ikugwa ndi kamphepo kozizira, ndipo mawondo anga ayamba kulira ngati anu aja. Sindinakulembereni chiikire mwala pamanda panu. Ndiyamba ndi zabwino, zinazo zibwere pambuyo.

Kumudzi ku Dedza alipo. Achimwene a Fanuweli akuti kachewere wachita bwino kudimba kwanu, kungoti chisanu cha mu Juni chinawaula mizere ya kumunsi. Mwana wawo wotsiriza wabereka mapasa, onse aamuna. Kuno mdzukulu wanu Mavuto akuulukabe kupita ku migodi ya kumpoto ndi kubwerako, ine ndikukhalabe m'kanyumba ka kuseri kwa nyumba yake ku Ellenbrook. Sitima inafika kwathu kuno, moti sindipemphanso munthu galimoto ndikafuna kupita m'tauni.

Tsopano nkhani yaikulu: mwana wanga Thoko ndi woyembekezera. Mwana wake woyamba, Amayi. Ndimayenera kulemba mawu amenewa ndikululutira, koma ndikulemba mtima uli bii, chifukwa Thoko sali kuno. Ali ku France, m'nyumba ya mayi wina.

Mukukumbukira mmene munasekera nditakuuzani kuti waphunzira zopanga vinyo? Munati, "Esinati, mayi wa Mvano, wabereka wofulula mowa wa digiri!" Ntchito anaipeza m'minda ya mphesa ya ku Swan Valley, pafupi ndi ife pompano. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi Luka, mnyamata wa ku France amene anabwera kudzathyola mphesa, poti ife tikamakolola mu Febuluwale kwawo mipesa imakhala ili m'tulo ndi kuzizira. Atakwatirana ndinkadzitama kutchalitchi kuti ndapeza mkamwini weniweni. Ankanditchetchera kapinga, ankandikonzera denga, ankandipatsa moni ndi manja awiri. Ndinamufunsa za mpingo wake, za sukulu yake, za matenda a kumtundu kwawo. Funso limodzi lokha ndinaiwala: kodi kwanu kuli munda?

Munda uliko, kudera lotchedwa Burgundy. Bambo ake anamwalira, ndipo mayi ake, a Odeti, asewere anga, anatsala okha ndi mipesa. Mu Epulo chisanu chinagwa mipesa itangophuka. Kumeneko chikabwera, anthu amayatsa makandulo aakulu m'zitini pakati pa mizere kuti masamba anthete asapse. Luka anakwera ndege kukathandiza. Thoko anamutsatira, akuti, "Masabata atatu okha, Amayi." Lero ndi Julaye. Ukwati wa chikamwini wasanduka chitengwa popanda wobwera kudzandipempha.

Mukundidziwa, sinditha kudana ndi chinthu ndisanachiyeze. Ndinapita kulaibulale, ndinabwereka mabuku onse onena za dera limenelo, ndinakhala pansi ngati ndikukonzekera kuphunzitsa Fomu 4. Mverani zimene ndinapeza.

Anthu amenewa amaika nthaka m'makalasi ngati ana asukulu. Makalasi ake ndi anayi. Pansi penipeni pali vinyo wongotchedwa dzina la dera lonse, wochokera makamaka m'minda ya kuchidikha. Pamwamba pake pali wotchedwa dzina la mudzi. Kenako premier cru, minda yosankhika m'mudzimo. Pamwamba pa onse pali grand cru, minda makumi atatu ndi itatu yokha, yokhala pakatikati pa phiri, poyang'ana kotulukira dzuwa, pamene madzi sakhalitsa ndipo nthaka ili ndi miyala ya laimu. Kanjira kongodutsa munthu mmodzi kakhoza kulekanitsa munda wapamwamba ndi munda wamba. Anayamba kugawa chotere ndi ansembe akale, polawa vinyo wa munda uliwonse chaka ndi chaka. Inu simukanadabwa nazo, poti munkadziwa mzere umene kachewere amakoma ndi umene amangokula madzi.

Mitundu ya mphesa yeniyeni ndi iwiri: pinot noir ya vinyo wofiira ndi chardonnay ya woyera. Iliponso ina, aligoté ndi gamay, koma imeneyo amaiona ngati ana a mitala. Sasakaniza mitundu, ndipo pabotolo salembapo dzina la mphesa ngati kuno, amalemba dzina la malo. Kuno mipesa timaithirira ndi timapaipi chifukwa cha dzuwa. Kumeneko lamulo limakaniza, mpesa uzidzifunira wokha madzi. Mvula ikachuluka mphesa zimaola, matalala akagwa ntchito ya chaka imatha munthu akuyang'ana.

Ndipo ndinapeza chimene ndinkafuna. Minda ya asewere yambiri ndi ya kalasi ya mudzi chabe, yachiwiri kuchokera pansi! Ya premier cru ali ndi timizere tochepa, poti malo akhala akugawidwa pakati pa ana mbadwo ndi mbadwo. Grand cru alibe ngakhale mpesa umodzi. Ndinaimbira Thoko kumuuza. Anandiyankha m'Chingerezi chake cha m'mphuno chija kuti, "Amayi, mwawerenga mabuku onsewo kuti mupeze zimenezi basi?" Ndinamva mawu anu pomwepo: "Iwe Esinati, usiye kuwerenga nkhuku za eni." Sindinasiye, Amayi.

Chimene chimandipweteka n'choti mayiyu ndi wabwino. Pa Khirisimasi ananditumizira botolo la timizere tapamwamba tija, lomaliza kupangidwa ndi malemu amuna awo. Ine sindimwa, ndiye ndinalichita ulemu monga tichitira ndi mphatso kwathu. Ndinaliimika m'kabati ya magalasi pabalaza, pakati pa makapu a ukwati wanga, kuti aliyense wolowa alione. Kabatiyo imayang'ana pawindo, ndipo dzuwa la Januwale la kuno mukulidziwa m'makalata anga. Luka atabwera anapeza chotsekera chatukuka, vinyo akudontha m'khosi mwa botolo. Analichotsa padzuwapo msangamsanga. Akuti botolo lotere limagonekedwa chammbali, pamdima, pozizira. Ndani anandiuza? Ndinkadikira kuti asewere akwiye, tikangane, ndipeze pogwira. Koma pafoni anaseka mpaka kutsokomola, akuti amuna awo sanapatsidwepo mpando waulemu chotere ali moyo. Munthu wotere umadana naye bwanji? Ndikuyesetsabe.

Thoko amawatcha Maman. Akuti amuphunzitsa kudulira mipesa, amupatsa nsapato zawo za kumunda, amamuphikira msuzi akamachita nseru. Ndikamamvera ndimati "ee, zabwino", dzanja lili pachifuwa. Koma nsanje yanga yeniyeni si ya msuzi ayi. Mayiyu ali ndi chinthu choitanira ana. Sanalire, sanapemphe, sanadwale dala. Chisanu chinangogwa pamunda, mwana wake n'kunyamuka, n'kutenganso wanga. Inu munali ndi dimba, ndipo a Fanuweli sanachokepo pakhomo panu. Ine ndaphunzitsa masamu moyo wanga wonse, m'mayiko awiri, koma ndilibe mzere ngakhale umodzi umene chisanu chingagwepo kuti munthu andithamangire.

Nditanena kuti ndibwera kudzamuchiritsa, Thoko anati, "Musavutike Amayi, ulendo ndi wautali, Maman alipo." Amayi, inu munabwera pa thiraki ya kabichi kuchokera ku Dedza mpaka ku Lilongwe Mavuto atabadwa. Munandithowa ndi madzi otentha, munamusambitsa ndinu, munamutulutsa chikuta ndinu mchombo utagwa. Apongozi anga anangobwera ndi nkhuku n'kukhala pamphasa. Munati, "Mwana wamkazi akabereka amafuna manja amene anamusambitsa iyeyo." Lero akufuna kuti ine ndikhale wobwera ndi nkhuku.

Wondipulumutsa anali Luka, mosadziwa. Tikucheza pafoni anadandaula kuti, "Amama, mwana akadzabwera sabata yokolola sindikudziwa kuti tidzatani. Mayi anga nthawi yokolola sachoka m'munda ngakhale nyumba itapsa." Ndinamufunsa mwaulemu kuti andifotokozere bwino. Akuti mphesa zikapsa sizidikira, amathyola ndi manja, anthu onse m'munda, ndipo a Odeti ndi amene amasankha ya kudengu ndi yotaya. Akatha kuthyola amaziika m'zimigolo zikuluzikulu kuti ziwire, ndipo makoko akayandama pamwamba amawakankhira pansi m'mawa ndi madzulo, pafupifupi masabata awiri, asanafinye ndi kuthira m'migolo ya matabwa m'chipinda cha pansi pa nthaka. Pa ntchito imeneyonso a Odeti sakhulupirira munthu wina.

Tikiti ndinagula tsiku lotsatira. Kenako ndinawerengera. Alimi akumeneko amati kuchokera pamene mpesa wachita maluwa mpaka kukolola ndi masiku zana limodzi. Ya asewere inachita maluwa kumayambiriro kwa Juni. Masiku zana akufika pakati pa Sepitembala, ndipo adokotala a Thoko akunena pakati pa Sepitembala pomwepo. Zikatero asewere adzakhala m'munda, manja ali psuu ndi mphesa, ndipo mwana adzagwera m'manja mwanga.

Vuto ndi dzuwa. Zaka zino kumeneko kukutentha kuposa kale, ndipo chaka chotentha amakolola kumapeto kwa Ogasiti. Wonkhetsani nokha: kumapeto kwa Ogasiti, kuthyola, masabata awiri a m'zimigolo zija, ndiye kuti pakati pa Sepitembala mayiyu wasamba m'manja, wavala epuloni yoyera, waima pambali pa bedi la mwana wanga. Ine adzandipatsa mpando ndi kapu ya tiyi.

Ndiye m'mawa uliwonse ndisanatsegule Baibulo ndimayamba ndaona nyengo ya ku Burgundy pafoni. Sabata ino kukutentha, ndipo Luka akusangalala kuti mphesa zikufulumira. Ku Mvano amayi anzanga anafunsa zopempherera, ine ndinati tipempherere nyengo yozizira ku France. Anayang'anizana, koma anapemphera.

Ndi chifukwa chake ndakulemberani. Inu muli pafupi ndi eni mitambo kuposa ine. Ngati mumaloledwa kuyankhulako, pemphani kamtambo pa phiri la asewere, dzuwa lichepeko mphamvu mu Ogasiti monse. Matalala ayi, Amayi, sindine mfiti, ndipo mdzukulu wanu adzadya za munda womwewo. Mvula yowoletsa ayinso. Kamtambo chabe, kuti mphesa zipse pang'onopang'ono. Mabuku akuti zikatero vinyo amakomanso kwambiri, ndiye palibe amene ndikumulakwira.

Inu chitani mbali yanu, ine ndichita yanga. Ndikulonjeza kuti madzi oyamba pathupi la mwanayo adzathira ndi manja amene munasambitsa inu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati