Mlamu Wanga Anayankha Nsanamira

Georgetown, Demerara
Novembala, 1904

Okondedwa Amayi,

Ndikugwira mapazi anu ndili kutali kuno. Kodi muli bwanji? Mawondo aja akukulolani kufika kuchitsime? Ine ndili bwino, kupatula malungo amene anandigoneka masiku angapo. Inu amene mukuwawerengera Amayi kalatayi, chonde mawu otsatirawa muwabwereze kawiri: Lochan ali moyo, mkazi wake ali moyo, ndawaona ndi maso anga.

Chilandirireni uthenga wa atsibweni woti mng'ono wangayu ndi mkazi wake anapita ku Faizabad kukafuna ganyu ndipo sanabwerere, mtima wanga sunakhale m'malo. Atsibweni anatchula Chedi, arkati uja amene amazungulira m'misika kulemba anthu oti awoloke nyanja. Koma sitima za ku Kalikata zimapita m'maiko ambiri, ndipo panalibe chondiuza kuti abwera kuno. Komabe sitima iliyonse ikakocheza ndinkayang'ana nkhope za otsika, kenako n'kudziseka ndekha.

Ntchito yanga ikadali yomwe ija yomasulira. Anthu akatsika amawasunga m'nyumba yaikulu yamatabwa pafupi ndi doko, ndipo bwana wathu, mzungu, amawagawa m'maesiteti a nzimbe. Lamulo limati mwamuna ndi mkazi wake asawalekanitse.

Tsiku limene ndinawapezalo amuna anali atagawidwa kale m'mawa, ine kulibe. Titafika pa akazi, panabwera mtsikana wochepa thupi koma wa mawu ngati belu, dzina lake Sukhdei. Ku Kalikata anamulemba kuti ndi wamasiye, ndipo bwana anamuika ku Berbice. Atamva zimenezo anakana kwamtuwagalu. Anati mwamuna wake ali m'chipinda cha amuna, wamoyo, ndipo wadya mpunga m'mawa womwewo. Ine ndikuchedwa kusankha mawu, iye amvekere: “Iwe chinkhwe cha mzungu, wameza lilime? Muuze mbuyakoyo bwinobwino, zovala zoyerazo sunazivalire chabe!” Ndinamasulira zonse kupatula za chinkhwezo.

Bwana analamula kuti mwamunayo abwere. Dzina lake mtsikanayo sakanalitchula, pakuti monga mukudziwa kwathu mkazi satchula dzina la mwamuna wake, choncho mnzake wa m'sitima, mayi wina wolongolola wotchedwa Jagrani, ndiye anapita kukamuloza. Amene analowa pakhomo anali Lochan. Waonda, Amayi, ndipo anamumeta mpala, koma kayendedwe n'komwe kaja kokokera phazi. Anandiyang'ana, n'kufuula kuti “Achimwene!” ndipo anagwa pamapazi anga. Sindikumbuka chimene ndinanena. Iye anali atamulemba kale ku Essequibo, tsidya lina la dziko lino, ndipo bwato lawo linkanyamuka masana omwewo. Munthu wa girimiti, pangano lija la ntchito la zaka zisanu, satuluka pa esiteti popanda chiphaso. Akanasiyana pamenepo, kukanakhala kusiyana kwa zaka zisanu.

Ndiye apa panabuka vuto limene palibe analiyembekeza. Mtsikana uja atangomva kuti ine ndine mkulu wa mwamuna wake, anakoka nsalu kuchoka pamutu mpaka pachifuwa, natembenukira kukhoma. Belu lija linangoti zii.

Bwana anandifunsa ngati ndikumudziwa mkaziyo kuti ndi mlamu wanga. Ndinayankha kuti ndinachoka kwathu ukwati usanachitike ndipo nkhope yake sindinaionepo. Lochan anandiyang'ana ngati ndamulasa. Mpaka lero ndimadzifunsa ngati munthu wamtima sakanangonena kuti eya. Koma ndaonapo maukwati ambiri ongopangana m'nyumba yodikirira sitima, ndipo bwana akudziwa kuti ndawaona. Akanandigwira bodza tsiku limenelo, mawu anga sakanathandizanso wina aliyense, ngakhale Lochan amene.

Pamenepo bwana anati mkaziyo anene yekha ndi pakamwa pake, ndipo awalemba ngati banja. Lamulo loti aliyense aziyankha yekha analiika chifukwa cha anthu ngati Chedi, amene amayankhira anzawo pamaso pa woweruza. N'labwino ndithu. Koma womasulira mnzanga anali atapita kumaesiteti, ndipo amene akanafunsa funsolo ndinali ine ndekha, munthu mmodzi m'dziko lonse lino amene mlamu sangalankhule naye.

Ndinafunsa, osayankha. Ndinafunsanso, anangokokera nsalu pansi. Jagrani anayesa kumuyankhira, bwana anakaniza. Ndiye Jagrani anayamba kumukalipira, amvekere m'sitima monse anthu sanagone ndi pakamwa pakepo, lero pathawira kuti? Anatinso ulemu sauphika, ndipo akapita ku Berbice akagona ndi ulemu womwewo. Lochan naye anachonderera chapansipansi kuti alankhule, achimwene sakwiya. Bwana anaviika cholembera mu inki, n'kunena kuti zikuoneka kuti mkaziyo wasiya yekha nkhani yake ataona kuti mwamunayo ali ndi mbale wake muofesi.

Ndinaima pamenepo ndi maphunziro anga onse a ku Allahabad, mutu uli mbee. Kenako ndinakumbukira inu. Bambo aakulu akalowa pabwalo, inu munkafunda nsalu n'kuuza mphero kuti chakudya chapsa, ndipo iwo ankayankha mpheroyo kuti amva. Tili ana tinkabisala kuseri kwa nkhokwe n'kumaseka.

Ndinapempha bwana kuti andilole kuyesa njira ya kwathu, ndipo ndinamufotokozera mwachidule. Anakweza nsidze, koma anaika cholembera pansi. M'nyumbamo muli nsanamira yaikulu pakati. Ndinapita kuseri kwake, ndinafulatira, ndipo ndinalankhula nayo mokweza. Ndinati nsanamira indifunsire kwa mkazi wafundayo ngati ali pabanja, ndiponso kuti mwamuna wake ndi uti. Alembi anzanga anaphulika kuseka. Ndinaganiza kuti ndadzichititsa manyazi pachabe.

Ndiye tinamva kamawu kakang'ono kakuti nsanamira imve. Anati iye ndi mkazi wa amene waima pafupi ndi khomoyo, mwana wamng'ono wa m'nyumba ya Amayi Parbati, kunena inuyo, ndipo anakwatiwa mwezi wa Phagun pabwalo la bambo ake. Anati ku Faizabad Chedi anawauza kuti mkazi akalembedwa kuti ali pabanja, woweruza amatumiza munthu kumudzi kukafufuza, ndipo ntchito ikawapita. Choncho anamupukutitsa ufa wofiira wa pamutu umene akazi okwatiwa amadzola, n'kumulangiza kuti chilichonse chimene woweruza afunse azingoti eya. Anawauzanso kuti kumene akupitako n'kuseri kwa Kalikata komweko. Mawu ake ankakula pang'onopang'ono, mpaka anatukwana Chedi ndi makolo ake omwe, koma zonsezo akuuza nsanamira. Pomaliza anatsitsanso mawu, n'kupempha nsanamirayo kuti imupepesere kwa akuluakulu pa nkhani ya chinkhwe.

Bwana anafuna kudziwa kuti mawu omalizawo anali otani, ndipo ulendo uno sindikanabisa. Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anafufuta Berbice, anafufuta Essequibo, n'kuwalemba onse awiri pa esiteti imodzi ya m'mbali mwa nyanja, imene sitima ya pamtunda imafikako kuchokera m'tauni muno. Ine ndinakhala pansi pomwepo.

Sindikubisirani, Amayi, girimiti yokha siingafufutike. Ndinafunsa, ndipo anandiyankha kuti onse awiri anadinda chala pamaso pa woweruza atavomera ndi pakamwa pawo. Zaka zisanuzo azigwira. Ntchito ya nzimbe ndi yowawa, ndipo manja a Lochan achita kale matuza. Koma ali pamodzi, ali pafupi ndi ine, ndipo wina akadwala ndidzamva tsiku lomwelo.

Pempho langa ndi limodzi. Atsibweni apite kwa woweruza wa ku Faizabad akanene zimene Chedi anachita. Chilolezo chake cholembera anthu chimadutsa m'manja mwa woweruzayo, ndipo angathe kumulanda. Bwana wathu walembera a ku Kalikata, koma akuti dandaulo lochokera kwa eni ake a munthu limalemera kuposa pepala lochokera kutsidya la nyanja. Ndikudziwa kuti atsibweni amaopa mabwalo a milandu, ndipo sindikuwanena, inenso ndimaopa ngakhale ndimagwiramo ntchito. Apite ndi bambo ake a Sukhdei, awiri salephera kulimbana mtima. Chedi akadali m'misika, ndipo si mtsikana aliyense adzapeze mlamu wake padoko.

Lamulungu lapitali ndinakawaona. Anawapatsa chipinda chimodzi m'nyumba yaitali ya antchito, moyandikana ndi Jagrani, amene akuti tsopano ndi mchemwali wawo wa m'sitima ndipo amandiitana kuti Bambo Nsanamira anthu onse akumva. Lochan akuti mumukhululukire pochoka osatsanzika.

Mlamu anaphika mphodza ndi chapati. Nditangofika pabwalo anathawira m'nyumba, ndipo mbale yanga inatulukira pakhomo ikukankhidwa ndi dzanja lokha. Ndinadya ndili panja, mphodza zake zothira adyo wambiri ngati zanu. Pobwerera m'sitima ndinadzipeza ndikumwetulira ndekha. Zaka zonsezi m'dziko lino aliyense amandiyang'ana m'maso, chifukwa sindinali kanthu kwa wina aliyense. Tsopano kuno kuli munthu wondibisira nkhope.

Mundiperekere moni kwa atsibweni ndi akazi awo, kwa mlongo wanga Rajwanti ndi amuna ake pamodzi ndi ana, ndiponso kwa mayi aakulu ngati akumvabe. Kwa makolo a Sukhdei mutumize munthu lero lomwe, asagonenso ndi chisoni usiku wina. Inuyo muyambe kudya, atsibweni anandiuza kuti munasiya.

Ndine mwana wanu wogwira mapazi anu,

Harbans