Munda Umene Ndinagula ku Java

Amayi, kaya mwadzuka bwanji kumene muliko?

Ine kuno ku Doha ndilipo. Lero ndili pa ofu. Anzanga a m'chipinda apita ku Corniche, m'mbali mwa nyanja, kokawongola miyendo, ine ndati nditsale ndikulembereni, chifukwa zimene ndasunga mumtima zayamba kundikanitsa chakudya. Ntchito ikadali yomwe ija ya kuhotela ya ku Pearl, kuyala mabedi ndi kukwecha mabafa. Mawondo ayamba kulira ndikamagwada, ngati mmene ankachitira anu.

Ndiyambe ndi zabwino. Patuma, chitsirizira wanu, anachira mwana wamkazi m'mwezi wa Ramadani ndipo amutcha dzina lanu. Akuti akayamba kulira mudzi wonse umadziwa. Denga la nyumba yanu linasasuka ndi mphepo, koma amalume analifoleranso. Mpunga kwathu ku Nkhotakota wachita bwino chaka chino, makamaka padimba lija munandisiyira, la pafupi ndi mkuyu. Koma dimbalo, Amayi, si lathunso. Ndinaligulitsa. Patha zaka ziwiri ndikuzengereza kukuuzani.

Nditabwerako kumaliro anu ndinali ngati nkhuku yonyowa ndi mvula. Amene anandiona anali Darto, dalaivala wa basi yathu ya antchito, wochokera ku Indonesia, pachilumba cha Java. Msilamu ngati ife, wofatsa, wosadziwa kukweza mawu. Ankandisungira mpando wa kutsogolo kuti ndisamachite chizungulire. Tinkamvana m'Chingerezi chothyokathyoka chothira Chiarabu, ndipo chaka chisanathe tinamanga ukwati pamaso pa shehe, konkuno.

Kontrakiti yake itatha anati atsogole kwawo akakonze pokhala. Kenako anaimba foni kuti pafupi ndi kwa makolo ake pali munda wa mpunga wogulitsa, tisauphonye. Ndinagulitsa dimba lanu kwa mphunzitsi wina wa paboma, ndinawonjezera za malipiro anga, ndinatumiza. Mwezi ndi mwezi ndinkatumizanso za njerwa ndi simenti. Mawu anu ndinkawamva m'makutu: "Ndalama ili ndi miyendo, mwanangu, nthaka ilibe." Ndinkadziyankha kuti nthaka ndasinthanitsa ndi nthaka inzake, ndalakwa chiyani?

Ndikati ndibwere ndidzaone, Darto ankati, "Dikira pang'ono, nyumba sinathe." Nditatopa ndi kudikira, ndinatenga holide, ndipo ndinamuuza ndili kale ku Jakarta, likulu la dziko lawo. Ulendo wake si wamasewera. Sitima yapamtunda pafupifupi tsiku lonse, kenako basi, kenako kabaza wa njinga yamoto pakamsewu kokwera phiri, chikwama ndachikumbatira pamiyendo.

Ndisaname, mudziwo ndi wokongola. Minda ya mpunga ndi yosanjikizana ngati masitepe, madzi akutsika munda uwu kulowa munda uwo, osaphwa. Amakolola kawiri, ena katatu pachaka. Abakha amawaweta ngati mbuzi, munthu pambuyo ndi kamtengo. Chinangwa, nthochi, mapapaya, zonse ngati kwathu. Ndinakuganizirani inu amene munkayang'ana kumwamba mwezi wathunthu kudikira mvula.

Nyumba ndinaizindikira ndili patali. Yobiriwira, ya khonde lalikulu monga ndinapempha. Inatha kalekale. Pakhondepo panali mtsikana ataberekera khanda pachifuwa, ndipo nsalu imene analimangira inali chitenje chanu chofiira chija, chimene ndinapatsa Darto kuti akandisungire m'nyumba yathu.

Darto anatulukira kumunda, matope mpaka m'mawondo. Ndinamufunsa kuti, "Ameneyu ndani?"

Anayang'ana pansi. "Dzina lake Sri. Ndi mkazi wanga. Amayi anandikakamiza. Iwe uli kutali, munda ukufuna manja. Chipembedzo chimalola, iwenso ukudziwa."

"Ndikudziwa," ndinatero. "Bambo anga anali ndi akazi awiri. Koma anayamba akhala pansi ndi amayi anga n'kuwauza, ndipo njerwa za nyumba ya mkazi wachiwiri anaumba ndi manja awo. Sanammangire ndi thukuta la woyamba."

Kufatsa kumene ndinamukondera kuja ndi kumene anabisalamo. Munkanena kuti madzi odekha ndi amene amabisa ng'ona, ine n'kumaseka.

M'mawa mwake ndinapempha mayi wina wophunzitsa pasukulu ya m'mudzimo, wodziwa Chingerezi, kuti andiperekeze ku ofesi ya mudzi. Mkulu wa pamenepo anatilandira bwino, anatipatsa tiyi, anafufuza mapepala. Munda, dzina la Darto. Malo a nyumba, dzina la Darto. Kudzera mwa mphunzitsiyo anandiuza mwaulemu kuti mlendo wa dziko lina salembedwa ngati mwini nthaka ya kumeneko, ndi lamulo. Ndinafunsa ngati Darto ankadziwa zimenezi pogula. Mkuluyo anangosuntha kapu yake patebulo.

Ndinakhala masiku asanu chifukwa tikiti sindikanatha kuisintha. Apongozi ankandiikira mpunga ndi nsomba pamphasa, akumwetulira, ngati mlendo wodutsa. Ndinkagona m'kachipinda kosungiramo matumba, m'nyumba imene ndinayalira mabedi a anthu osawerengeka kuti iime. Ndinkafuna kudana naye Sri, koma mphunzitsi uja anandiuza kuti mtsikanayo anauzidwa kuti ndine mnzake wa Darto wa kuntchito, mayi wachifundo amene amangomuthandiza. Tsiku limene ine ndinadziwa za iye ndi limene iyenso anadziwa za ine. Ndinamupeza kuseri kwa khitchini akulira, khanda lili pabere. Tinangoyang'anana, popeza tinalibe chinenero.

Tsiku lachinayi amayi a m'mudzimo anabwera kudzawokera mpunga m'munda uja. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinakwinya diresi, ndinatenga mbande, ndinalowa m'matope. Poyamba ankaseka, akutsinana. Nditatha mzere woyamba kuseka kunaleka. Dzanja lanu lija ndikadali nalo, Amayi, mizere yanga inali yowongoka ndipo palibe anandipeza. Ndinawokera mpaka dzuwa pamutu, msana ukuphulika. Mayi wina wachikulire anandisisita paphewa n'kundipatsa madzi, monga amachitira ndi waganyu wolimbikira. Pamenepo ndi pamene ndinalira. Ganyu waulere m'munda wogula ndi dimba la amayi anga.

Ponyamuka, Sri anandithamangira panjira ndi chitenje chija, atachichapa, atachipinda bwinobwino. Mwina munthu wabwino akanamusiyira mwana. Ine ndinachilandira. Ndicho chokha chimene ndabwera nacho ku Java.

Sabata yatha Darto anaimba. Anafunsa za moyo wanga mawu awiri, kenako anati feteleza wakwera. Ndinamuyankha ndi mawu amene mabwana athu a kuno amatithamangitsira nawo: halasi, zatha. Ndamuuza kuti andipatse mawu a chisudzulo, ndisamangidwenso ndi dzina lake. Akuti ndiyambe ndaganiza. Ndinaganiza kale ndili m'matope muja.

Chatsala n'chimodzi, ndipo n'chimene chikundilemera kuposa zonse. Kumudzi palibe akudziwa. Patuma amauza amayi anzake pamjigo kuti achemwali ake ali ndi nyumba ndi munda kutsidya kwa nyanja, ndipo tsiku lina adzakwera ndege kukaona. Akandifunsa za ulendo ndimamutumizira zithunzi za mapiri. Mwana amene analira tsiku limene ndinagulitsa dimba, ine n'kumukalipira kuti sadziwa za dziko, ndi amene ndikuyenera kumugwadira tsopano.

Lachisanu likubwerali ndimuimbira, ndimuuza zonse ndi pakamwa panga, asadzamve kwa anthu. Akanditukwana ndikhala chete mpaka amalize. Ndipo kontrakiti ikatha sindisainanso ina. Ndibwera kudzakuchitirani sadaka, ngakhale ya nkhuku imodzi, ndidzaime pamaso pa abale ndili mmene ndililimu. Ili ndi lonjezo langa kwa inu.

Pumani bwino, Amayi. Ndimakukondani, ngakhale sindinakumvereni.

Ndine mwana wanu woyamba,
Hawa