Timiyala Tonyezimira M'denga

3 Novembala
Woyamba kundiuza za timiyala timeneti anali malemu Stan Hrycak, wa sitolo ya matabwa kuno ku Dauphin, 1974. Ankati, "Thira m'denga, Orval, ngakhale m'chisanu cha Januwale uzigona wopanda malaya." Ndinathiradi. Iyayi, ndisaname, anathira ndi a Verna, akazi anga. Ine mimba inakana kulowa pachibowo. Matumba makumi anayi, iwo chokwawa, fumbi mbuu, ine pansi ndikuwaimbira nyimbo.

Lero kunabwera Mayi Desjarlais, woyeza nyumba, ndi ophunzira ake awiri, akuluakulu ndithu, wina wadazi. Kudzaona kumene kutentha kumathawira, atipatse mapointsi osonyeza mmene nyumba ikusungira kutentha. Chifani chachikulu chokoka mpweya anachimangirira pakhomo. Asanayatse, mayi uja anakwera makwerero, kusuzumira m'denga, kutseka msanga. Kwa ophunzira: "Onani kamodzi, osakhudza. Mukapeza izi, fani siyatsidwa." Kwa ine, panja: "Umu kawirikawiri mumakhala asibesitosi, bambo. Amawononga mapapo. Ankalowamo ndani?"



4 Novembala
A Verna afunsa za mapointsi. Ndati makina anafa. "Munawapha ndi nkhani zanuzo," atero. Kenaka kutsokomola, chifuwa chawo chija. Zaka ziwiri tsopano. Tinkangoti ndi ukalamba.

11 Novembala
Chipale chofewa chagwa mpaka m'mawondo. Kalata ya zotsatira za timiyala timene mayi uja anatengako kukayeza yafika. Mawu aataliatali andikanika, koma limodzi lija ndalizindikira. Ndaibisa m'galimoto, pansi pa mpando.

19 Novembala
A Verna akufuna akatenge nyali za Khirisimasi m'denga. Ndawatsogolera ndi hamala, chitseko cha m'denga ndachikhomera misomali sikisi. "Mwayamba misala, madala inu?" Ndati muli mileme. Aseka mpaka kukhala pansi, mpweya kuwathera. Ndinayang'ana wotchi. Mphindi zinayi asanathe kulankhulanso.

Ine munthu amene kumaliro amachita kundiletsa kulankhula. Masabata awiri sindinawauzebe.

20 Novembala, m'mawa
Ndawauza. Zonse, ndi kalata yomwe. Anawerenga okha, khofi akuzizira. Sanandikalipire. Bola akanatero. Anaipinda kanayi, kuiika pansi pa kapu.

"Imbirani ana. Darlene ndi Russ ankakwera nane, ankaumba timapiri momwemo."

Zimenezo ndinali nditaiwala.

Ndayamba ndi foni ya Darlene. Ikuitana. Sindikudziwa poyambira