Buku la Kiripito Landichititsa Manyazi

Okondedwa achimwene,

Landirani moni wochokera kuno ku Nsaru. Tonse tili bwino, ndipo mwendo wa amayi uja wasiya kutupa.

Koma buku la kiripito munatumiza lija landichititsa manyazi. Munati ndi la ongoyamba kumene, ine n'kulonjeza amayi a banki mkhonde kuti ndiwaphunzitsa za kiripitoyo, ndalama za pa intaneti zija. Kulitsegula pamaso pawo, muli zizindikiro zokhazokha za akatswiri opanga mapulogalamu a kompyuta! Ndinangolitembenuzatembenuza, mpaka msungichuma wathu, a Nabanda, anafunsa kuti, "Kodi aphunzitsi, simunaligwire mozondoka?" Gulu lonse linafa nalo phwete.

Inuyo mumalimva, eti? Ndiye Loweruka muimbe foni muwafotokozere nokha, apo ayi bukuli ndikulungira zitumbuwa.

Mulungu akusungeni. Koma ulendo wina, musanatumize buku, muyambe mwalitsegula.

Ine mlongo wanu,
Esinati