Magazi a Bambo Ake a Hope

Lolemba, 9 Juni 2025

Ntchisi. Chifunga mpaka masana, phiri osaoneka. Zovala za Loweruka sizinaumebe.

Kalasi ya pa kompyuta: ine, anzanga a ku Ghana ndi ku Kenya, ndi Pulofesa wathu ali ku Cape Town. Mutu wake womwe uja, kuteteza anthu opereka magazi pa kafukufuku wa matenda otengera ku mtundu. Netiweki inaduka ndili pakati poyankhula. Palibe anazindikira.

Ababa ku Madisi akuuzabe makasitomala m'shopu kuti Sadia wawo ndi dokotala. Ndatopa kufotokoza kuti udokotala wanga ndi wa mabuku, ndipo pano ndikuwonjezeranso maphunziro. "Sukulu yakoyo idzatha tili moyo?"

Lachitatu, 11 Juni

Zotsatira za magazi amene tinatenga ku esiteti ya fodya zabwera. Banja lina la matenanti ochokera ku Phalombe: a Mose, akazi awo a Lenia, ndi mwana wawo Hope. Hope ali ndi matenda a magazi a siko selo. Ndiye kutha magazi kuja, kulira mafupa kuja. Matendawa mwana amatengera kwa makolo onse awiri. A Lenia mbewu yake ali nayo. A Mose alibe. Ku labu anayezanso. Alibe.

Ndiye kuti Hope si wa magazi awo.

Ndipo ndine amene ndinaima pa chigafa mu Malichi, anthu akusoka fodya, n'kulonjeza kuti zotsatira tidzapereka kwa bambo ndi mayi ali limodzi. Pulofesa mpaka anandiyamikira. Nzeru zanga zimenezo! Tsiku lake ndi Lachisanu sabata yamawa.

Loweruka, 14 Juni

Ku Madisi. Amayi anaphika mpunga wa nyama ya mbuzi, kenako n'kufunsa chikundiwondetsa. Sindingauze munthu, ndiyo ntchito imene ndikuphunzirayo. Pakati pa abale anga, kukamwa kotseka. Ndinabwerera tsiku lomwelo pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'mano.

Pulofesa ayankha funso langa la chochita, lomwe ndinawatumizira osatchula mayina: "Akatswiri amasiyana maganizo. Iwe ndiwe ukudziwa chikhalidwe cha kwanuko." Zikomo kwambiri, bwana. Ine ndinakulira kuseri kwa kauntala, kugulitsa sopo ndi mchere kwa matenanti. M'nyumba zawo sindinalowemo n'kamodzi komwe.

Lachiwiri, 17 Juni

A Lenia anabwera okha ku ofesi, atanamiza kapitawo kuti akupita kuchipatala. Anamva kwa nesi kuti matendawa amachokera kuwiri. Anagwada pa simenti yozizirayo, ine wamng'ono kwa iwo.

"Mayi, ndinakwatiwa ndili kale ndi mimba yaing'ono, iwowa sadziwa. Akadziwa atisiya konkuno. Mwana wodwalayu ndilowera naye kuti?"

Ndinawadzutsa. Sindinalonjeze kanthu. Kunama sindiloledwa, kuulula za munthu sindiloledwanso. Atapita ndinatsegula foni, kutsika mayina onse mpaka pansi. Palibe woimbira.

Ndili ndekha. Ndekha zenizeni.

Lachinayi, 19 Juni

Lero a Mose. Pa njinga, manja atada ndi fodya. Mpando anakana, chipewa akungochipinda.

Ndinayamba kuwakumbutsa kuti ali ndi ufulu wokana kumva zotsatira zawo. Anandidula.

"Madamu, miyezi ndimatha kuwerenga ine. Mwana anabadwa msanga, ndinaona, ndinakhala chete. Ndi wanga ameneyo. Koma amayi akewo sadziwa kuti ndimadziwa. Akadziwa, manyazi awathamangitsa, apita naye kwawo. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ine sindidzamuonanso. Musawauze."

Ndinafunsa kuti nanga magazi anaperekeranji. Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana.

"Pa chigafa paja, anthu onse akuona, kapitawo ali pompo? Ndikanakana, akanati ndikubisa chiyani?"

Mu lipoti langa ndinali nditalemba kale kuti onse anavomera mwa kufuna kwawo.

Chakudya sichinalowe. Tiyi basi.

Lachisanu, 20 Juni

Afika kale. Ndikuwaona pa windo, ali pa benchi. Hope pa miyendo ya a Mose, amufunditsa jekete lawo, iwo atsala ndi malaya okha mphepo yonseyi. A Lenia maso pansi, a Mose maso kumsewu.

Za mwana ndinena zonse: mankhwala, madzi ambiri, neti, kumufunditsa kukazizira, kuthamangira kuchipatala thupi likangotentha. Za magazi a makolo ndifunsa aliyense ngati akufuna kumva. Ndilo lamulo. Onse akana, ndikudziwa.

Koma a Lenia amva ndi makutu awo amuna awo akukana. Mwamuna wosadziwa kanthu angakanirenji? Akangotembenuka n'kuwayang'ana kumaso...

Nesi akugogoda.